Khosi la Ng'ombe ndi Mawu a Osanja Ngolo ku Kasungu

Mvula ikakata m'chigwa cha Kasungu, fodya atatsika m'zigafa ndi m'mabani, atasankhidwa tsamba ndi tsamba, atamangidwa m'mindindi, nadindidwa ndi jeke kufikira atasokeredwa m'chiguduli, pamatsala ntchito imodzi imene ambiri amaipeputsa chifukwa siidya miyezi monga nazale kapena kupalira, ndiyo yochotsa mabelo pakhomo ndi kukawatula pamene lole ingawapeze, kuti akafike ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ya ku Kanengo. Chiyambire chaka cha 1990, pamene boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, amene kufikira nthawi imeneyo anali wa eni maesiteti okha, gawo lalikulu la ntchito imeneyi lagwera ngolo ya ng'ombe, pakuti tinjira tamchenga ta kwa Santhe, kwa Chulu, kwa Wimbe ndi ku Chamama sitilandira lole nthawi zonse. Ndipo monga ntchito iliyonse imene anthu aigwira zaka zambiri, iyinso ili ndi mawu ake.

Oyamba ndi awiri amene achinyamata amawasokoneza, kupakira ndi kusanja. Kupakira ndiko kukweza katundu m'ngolo, ndipo aliyense wa nyonga akhoza kutero. Kusanja ndiko kudziwa malo a katundu aliyense, ndipo kumafuna diso. Belo limodzi la fodya limalemera makilogalamu pafupifupi 100, ndipo ngolo zambiri za m'midzi zimapangidwa kuti zinyamule pakati pa theka la tani ndi tani imodzi. Koma funso lakuti mabelo ndi angati, ngakhale ndilo limene mwini fodya ndi mwini ngolo amayamba kukambirana popeza malipiro a ulendo ali pomwepo, ndi laling'ono poliyerekeza ndi funso lakuti akhala pati. Chifukwa chake chili kunsi kwa bokosi la ngolo, pa chitsulo chimene amakaniko amachitcha ekiselo. Ngolo ya matayala awiri yatsamira pa ekiselo imodzi yokha, kotero kuti zonse zoikidwa kutsogolo kwake zimakanikizira pansi mtengo wokokera, ndipo zonse zoikidwa kumbuyo kwake zimautukulira kumwamba. Ndiponso belo likatalikirana ndi ekiselo, mphamvu yake yokanikiza kapena yotukula imakula, chinkana kulemera kwake pa sikelo sikunasinthe.

Tsono mtengo wokokerawo umathera pa goli, ndipo goli lili pa makosi a ng'ombe, logwiridwa ndi zikeyi uku ndi uku, ndi chingwe chodutsa kunsi kwa mmero. Apa ndipo pamamvekera mawu amene mwini ng'ombe aliyense amawaopa. Akati ngolo yalemera kutsogolo, ndiye kuti ng'ombe zikusenza katundu amene zinayenera kungomukoka: khosi limatupa, bweya umathothoka, pamabuka chilonda chimene ntchentche sizichedwa kuchipeza, ndipo pa mchenga wakuya ng'ombe imagwada, woyendetsa wosadziwa n'kuyamba kuikwapula poiyesa yaulesi. Akati ngolo yatukula, choipacho ndi chachikulu koposa, pakuti goli limakwera, chingwe cha pammero chimafinya nyama kufikira kupuma kuvuta, miyendo yakutsogolo imapepuka, ndipo ziboda zimapalasa nthaka osaigwira. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti nkhanza zambiri zimene ng'ombe zokoka zimaona sizichokera mu kuuma mtima kwa munthu, koma m'kusanja kolakwika, ndi kuti chikwapu chimadza kudzalanga nyama pa cholakwa cha wopakira.

Pachifukwa ichi mkulu wodziwa ngolo, asanamange ng'ombe zake, amapita kutsogolo, nawerama, nagwira nsonga ya mtengo wokokera ndi manja awiri, naukweza kufika pa msinkhu wa khosi la ng'ombe. Ukakana kunyamuka, amauza anyamata kuti, "Tabwezani belo ilo m'mbuyo pang'ono." Ukanyamuka wokha ndi kufuna kupulumuka m'manja, amati, "Kokerani kuno, ana inu, yatukula iyi." Chimene akufuna ndi chakuti munthu mmodzi aunyamule mtengowo osabuula, koma aumve ndithu m'mikono. Ndipo samauyesa uli pansi ayi, pakuti ngolo yodzaza imasintha khalidwe bokosi likaweramira kutsogolo kapena kugadamira kumbuyo. Amauyesa pa msinkhu umene udzayendere pa ulendo.

Liwu lina ndilo kupendekeka, ndipo limayenda pamodzi ndi kusanjikiza. Mabelo akasanjikizidwa m'mwamba kwambiri, ngolo imene inali yokhazikika bwino pabwalo imasanduka ina pa njira: pokwera chitunda kulemera kumathawira kumbuyo ndipo goli limatukuka, potsika mtsetse kumathamangira kutsogolo ndipo ngolo imakankha ng'ombe, popeza ngolo zambiri zilibe mabuleki, ndipo tayala limodzi likagwera m'ngalande imene madzi a dzinja anakumba, pamene linzake lakwera pa chitsa, katundu wam'mwambayo amakokera ngolo yonse kumbali kufikira itagubuduka. Nchifukwa chake zolemera zimakhala pansi, pafupi ndi ekiselo, zopepuka pamwamba, dzanja lamanja ndi lamanzere zofanana. Chiyeso chowonjezera mzere wina wa mabelo kuti maulendo awiri asanduke umodzi ndi chachikulu, makamaka lole ikudikira kumsewu. Koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo madambo a kuno, amene mu Epulo amaoneka ouma pamwamba ali onyowa pansi, sakhululukira ngolo yolemetsa.

Kumanga nako ndi mbali ya kusanja, pakuti belo limodzi lotakasuka, likaseseleka kumbuyo pa chitunda, limafafaniza ntchito yonse imene mkulu uja anayesa ndi manja ake. Zingwe zimapingasa katundu m'litali ndi m'lifupi, ndipo pamwamba amafunditsa lona, chifukwa fodya akanyowa ndi mvula yotsalira amachita chuku, nabwezedwa ku okushoni. Za ng'ombe zenizenizo ndingonena ichi, kuti ziyenera kulingana msinkhu ndi mphamvu, kuti goli lisaweramire mbali imodzi. Ngakhale chilamulo cha Mose chinaletsa kulimitsa ng'ombe ndi bulu pamodzi, ndipo woweta aliyense amamvetsa chifundo chimene chili m'lamulo limenelo.

M'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a Press Farming ndi General Farming anali kufutukuka m'boma lino, anthu ambiri anazolowera thirakitala ndi ngolo yake, ndipo mawu akalewo anangosamukira pa chitsulo. Kulemera kumene ngolo imatsamiritsa pa thirakitala kumakanikiza matayala akuluakulu akumbuyo kuti agwire nthaka, ndipo kumeneko ndi kwabwino. Koma kukapyola muyeso kumapeputsa matayala akutsogolo, chiwongolero n'kusiya kumvera. Choopsa kopambana ndicho kukoleka ngolo kapena unyolo pamalo okwera, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, m'malo mwa chitsulo chokokera chimene opanga anachiika m'munsi, pakuti thirakitala yokolekedwa motero, ikakumana ndi katundu wokana, imaimika mutu ndi kugwa chagada pa woyendetsa wake, nthawi yolumpha palibe. Pini yolumikizira nayonso ikhale yeniyeni, yokhala ndi kachitsulo kotsekera, osati bawuti yotola pansi.

Masiku ano pa msewu wa M1, umene umadutsa pa Kasungu kuchokera ku Lilongwe kulowera ku Jenda ndi ku Mzimba, timaona magalimoto akukoka ngolo zazing'ono za feteleza, chimanga kapena katundu wa m'nyumba, ndipo apa ndipo mtima wanga umada nkhawa koposa, chifukwa ng'ombe imadandaula ndi khosi lake wopakira akalakwitsa, pamene galimoto imakhala chete kufikira liwiro litakula. Popeza palibe khosi lomuuza, dalaivala ayenera kudalira muyeso. Malangizo ofala ku America amati magawo 60 mwa 100 a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo, ndi kuti chokolekera chisenze magawo 10 mpaka 15 mwa 100 a kulemera konse kwa ngolo, ndiye kuti makilogalamu 100 mpaka 150 pa ngolo ya makilogalamu 1,000. Ku Ulaya amalola ochepera pamenepo, koma onse amagwirizana kuti mphuno ya ngolo izikanikiza pansi, ndi kuti malire olembedwa ndi opanga galimoto asapyoledwe.

Ngolo yolemera kumbuyo imachita chimene madalaivala amati kuvina: mchira umapita uku, ubwerera uko, ulendo uliwonse mokulirapo, makamaka lole yaikulu ikadutsa ndi mphepo yake kapena potsika mtsetse, kufikira itakokera galimoto kunja kwa msewu. Ikayamba kutero, mwendo umafuna kuponda buleki mwamphamvu ndipo manja amafuna kulimbana ndi chiwongolero, koma zonse ziwirizi zimawonjezera kuvinako. Choyenera ndicho kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, kugwira chiwongolero chowongoka, ndipo liwiro likatsika, kupatuka ndi kusanjanso katundu. Maunyolo awiri otetezera amapingasidwa kunsi kwa chokolekera, kuti chikamasuka chigwere pa iwo osati pa phula. Mpweya wa m'matayala umayesedwa m'mawa asanatenthe. Ndipo atayenda makilomita ochepa, dalaivala amaima kuti akokenso zingwe, popeza katundu amakhazikika ndi kugwedezeka kwa msewu, zingwe n'kukhwepa. Mwini ngolo ya ng'ombe amene njira yake imakhudza msewu womwewo madzulo akhomere zonyezimira zofiira kumbuyo kwa bokosi, pakuti galimoto yokoka katundu imafuna mtunda wautali kuti iime kusiyana ndi yopanda kanthu.