Chifukwa Chake Nyimbo Yodzudzula Sikalamba

Nkhani ya lero yagona kwambiri m'boma la Mchinji. Funso lake nali: n'chifukwa chiyani nyimbo yotamanda mtsogoleri imazilala iye akangochoka pampando, pamene nyimbo yomudzudzula imaimbidwabe ngakhale woimba ndi wodzudzulidwa onse ali m'manda? Kuti yankho lioneke bwino, nkhaniyi iyambira kutali, ku America, kenaka ibwerera kumalire a Malaŵi ndi Zambia.

M'zaka za m'ma 1970, m'mizinda ina ya ku America munabuka mtundu wa nyimbo wotchedwa punk. Zinali nyimbo zaphokoso, zothamanga ndiponso zazifupi, zina zosakwana ndi mphindi ziŵiri zomwe. Oimba ake ambiri anali achinyamata amene sanaphunzire zoimbaimba kusukulu iliyonse. Pofika nthaŵi ya ulamuliro wa Ronald Reagan, kuyambira 1981 mpaka 1989, ambiri mwa iwo anali kuimba zodzudzula nkhondo, nkhanza za apolisi, tsankho ndi umbombo wa anthu achuma. Limodzi mwa magulu otchuka linali la Dead Kennedys la ku San Francisco, limene linayamba mu 1978. Mtsogoleri wake, Jello Biafra, anaimbidwa mlandu mu 1987 chifukwa cha chithunzi chimene chinaikidwa m'chikuto cha chimbale chawo china, koma mlanduwo unatha popanda womangidwa.

Makampani akuluakulu ojambula nyimbo ndi mawailesi otchuka sanazifune nyimbo zoterezi, choncho eni ake anadzilambulira njira yawoyawo. Mu 1980 Ian MacKaye ndi Jeff Nelson anayambitsa kakampani kotchedwa Dischord mumzinda wa Washington, namamata okha zikuto za mbale zawo ndi kuzitumiza papositi. Gulu la Bad Brains, la anyamata akuda a mumzinda womwewo amene anasakaniza punk ndi rege ya Chirasta, linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1982 pakaseti pokha. Gulu la Fugazi linadziŵika ndi kukana kukweza mtengo wapakhomo, nilimalipiritsa madola 5 pamene ena anali kufuna zochuluka. Papita zaka zoposa 40, koma nyimbo zimenezi zikugulidwabe ndi ana amene anali asanabadwe pamene zinajambulidwa.

Mwina omvera ambiri a ku Kamwendo, ku Mkanda kapena ku Kapiri sanamvepo maina ameneŵa. Komabe khalidwe la nyimbo yonena zimene pakamwa pakuopa, yoyenda mosadzera pakhomo la olamulira, n'lakalekale m'dera lawo.

Boma la Mchinji, limene atsamunda ankalitcha Fort Manning, lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe, ndipo munthu akangodutsa pa Mwami satenga nthaŵi kufika ku Chipata, kumene kale kunkatchedwa Fort Jameson. Malire ameneŵa anadula pakati pa anthu amodzi. Acheŵa a mbali zonse ziŵiri amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Angoni amakumana ku Mtenguleni pa Nc'wala, kwa Mpezeni. Pakati pa anthu ameneŵa, mkazi wotopa ndi mwamuna woledzera kapena apongozi ovuta ankatulutsa dandaulo lake pamtondo, mudzi wonse n'kumva, koma popanda womuzenga mlandu, poti inali nyimbo chabe. Gule wamkulu naye anali ndi njira yake. M'masiku a atsamunda pabwalo pankatuluka Simoni wa nkhope yofiira, wonyogodola mzungu wopsa ndi dzuŵa, ndipo amishoni analimbana ndi guleyo kwa zaka zambiri osamutha. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi.

Ufulu utabwera mu 1964, mpata wodzudzula poyera unachepa m'malo mokula. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe loyang'ana mabuku, mafilimu ndi nyimbo zisanafike kwa anthu. Bungwelo linali la maso akuthwa, moti ngakhale nyimbo yachikondi ya ku America yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa chofanana dzina ndi Mayi Cecilia Kadzamira. Wailesi m'dziko muno inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo nyimbo zandale zomveka pamenepo zinali za mbumba, zotamanda Ngwazi. Woimba wofuna kudandaula anayenera kuphiphiritsa, kubisa mawu ake m'nthano ya kalulu kapena m'nyimbo ya kutchalitchi.

Koma mawu a pawailesi safunsidwa chiphaso pamalire. Munthu wa ku Mchinji akangopotokola wailesi yake pang'ono ankamva ya ku Zambia ikulankhula Chinyanja, chilankhulo cha kwawo. Zambia nayo inali ya chipani chimodzi, koma chapakati pa zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dzikomo. Lamulolo linapatsa mphamvu magulu a achinyamata oimba ndi magitala aukali, nyimbo zimene tsopano zimatchedwa Zamrock. Mmodzi mwa iwo anali Paul Ngozi, amene ankaimba za moyo woŵaŵa wa m'makomboni a mu Lusaka. Iye anamwalira mu 1989, koma patapita zaka zoposa 20 kampani ina ya ku Los Angeles inatulutsanso mbale zake, ndipo okonda punk ku America anamva mwa iye mkwiyo wofanana ndi wa oimba awo. Pa 31 Okutobala 1991 anthu a ku Zambia anachotsa Kaunda ndi voti, ndipo anthu a m'malire ndiwo anali pafupi kwambiri ndi nkhaniyo, poti ovotawo anali abale awo.

Zinthu sizinachedwe kusintha ndi kuno komwe. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munaŵerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusoŵa kwa chilungamo. Boma linailetsa, koma anthu anapitiriza kupatsirana mobisa. Pa 14 Juni 1993 anthu ochuluka anasankha zipani zambiri, ndipo mu Meyi 1994 Bakili Muluzi analoŵa m'boma. M'zaka zimenezi kaseti inachita m'Malaŵi zomwe inachita ku America. Inali yotsika mtengo, yoloŵa m'thumba, yosavuta kujambulanso, ndipo inkalira m'minibasi, m'magolosale ndi pamoŵa popanda kupempha chilolezo cha wailesi. Lucius Banda wa ku Balaka, amene anakulira m'gulu la Alleluya, anatchuka ndi chimbale chake choyamba cha Son of a Poor Man, ndipo nyimbo yake ya Mabala inanena poyera za zipsera za ulamuliro wakale. Anthu anamutcha msilikali wa amphaŵi.

Wina akanaganiza kuti nyimbo zotere zitha ntchito ufulu wolankhula utabwera, koma sizinatero. Evison Matafale wa ku Chileka, Mrasta amene anayambitsa gulu la Black Missionaries, anaimba za umphaŵi ndi chinyengo m'nthaŵi ya boma latsopanolo. Mu Novembala 2001 anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula Pulezidenti Muluzi, ndipo pa 27 mwezi womwewo anamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi. Aboma anati anali wodwala, koma anthu ambiri sanakhutire ndi yankho limenelo. Mu 2010, pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, nyimbo za Lucius Banda zinaletsedwa pawailesi ya boma. Kutsidya kwa malire, woimba Pilato anamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo yoseka Pulezidenti Edgar Lungu, imene anaipeka pa maimbidwe a nyimbo yakale ya Aphiri Anabwera, yodziŵika bwino ku Malaŵi ndi ku Zambia komwe.

Apa ndiye pagona yankho la funso lija. Nyimbo yotamanda imamangiriridwa ku dzina la munthu mmodzi, ndipo imadalira wailesi ndi msonkhano wa munthuyo kuti imveke. Iye akachoka, wailesi imatembenukira kwa wina, nyimbo n'kusoŵa woiimba. Nyimbo yodzudzula imamangiriridwa ku vuto, ndipo vuto silichoka ndi chisankho. Mlimi wa fodya wa ku Mchinji amene wagulitsa mbewu zake pamtengo wolira, kapena mnyamata amene watha sukulu nasoŵa ntchito, akamva nyimbo ya zaka 30 zapitazo amaona ngati yapekedwa dzulo, yapekedwera iye. Komanso nyimbo imene inazoloŵera kuyenda m'manja mwa anthu sivutika ikatsekeredwa pakhomo, chifukwa sinadzerepo n'kale lomwe. Dzulo inali pamtondo ndi pakaseti, lero ili m'foni.

Lucius Banda anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, ndipo anamulira ndi anthu a zipani zonse, kuphatikizapo ena amene anaŵaŵidwapo ndi mawu ake. Ku Chileka anthu amasonkhana chaka ndi chaka m'mwezi wa Novembala kukumbukira Matafale, ndipo ambiri mwa ovina kumeneko anabadwa iye atapita kale. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wolamulira aliyense, wa m'mudzi kapena wa dziko, ayenera kuyembekezera kuimbidwa, ndipo wanzeru amatchera khutu, pakuti chimene anthu alephera kumuuza pamaso amachiika m'nyimbo.