Ulendo wa Sukulu Uyambire pa Chiuta

Kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, kumene nyanja ya Chiuta imatilumikiza ndi Mozambique, mwana amakula akumva ng'oma. Amadziwa manganje a nthawi ya zinamwali, waonapo beni, ndipo sikiri si yachilendo m'makutu mwake. Koma mwana yemweyo akalowa Folomu 1 amaphunzira msanga kuti luso loyenera kutchulidwa pasukulu lili kutali: sewero la m'Chingerezi, holo ya ku Zomba, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikutiuza kuti zaluso m'sukulu za kuno zidzazika mizu pokhapokha ulendo woyamba wa ophunzira utakhala wa pafupi.

Sukulu zoyambirira m'dziko muno zinali za mishoni, ndipo luso limene zinkalimbikitsa kwambiri linali la kwaya ya kutchalitchi. Ayao ambiri, amene anali atalandira kale Chisilamu, sankatumizako ana poopa kuti akatembenuzidwa, choncho madera ngati kwa Ngokwe anatsalira kuyambira pachiyambi. Ufulu utabwera mu 1964, njira yaikulu imene mwana wa sekondale ankaonetsera luso inali mpikisano wa masewero wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM. Mpikisanowu sitingaunyoze. Ndiwo unatulutsa Du Chisiza Jr, amene anadziwika akadali wophunzira pa HHI ku Blantyre kenaka n'kukhazikitsa gulu la Wakhumbata mu 1987. Koma cholinga chake chinali kunola Chingerezi, ndipo opindula kwambiri anali a sukulu zogonera konko, zokhala ndi holo, magetsi ndi galimoto. Magule a makolo ankavinidwa ndithu ndi ana a sukulu m'nthawi ya Kamuzu, koma pa misonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za 6 July, mawu ake atasinthidwa kukhala otamanda mtsogoleri. Chiyao chenichenicho chinayamba kumveka pa wailesi ya MBC m'zaka za ulamuliro wa zipani zambiri. Pamene malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ana a kumudzi anapeza sekondale yoyendera, koma yopanda holo, yopanda zida zoimbira, kawirikawiri yopanda mphunzitsi wosulidwa pa zaluso.

Komabe dera lomweli lili ndi umboni wa njira ina. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, gulu la masewero loyendayenda la ku Chancellor College, limene Chris Kamlongera ndi David Kerr ankagwira nalo ntchito, linapita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde monga Mwima ndi Mbela kukathandiza pa ntchito ya zaumoyo. Ophunzira aja sanapite ndi sewero lolembedwa kale. Ankakhala kaye ndi eni mudzi, kumva za zitsime ndi matenda, n'kupanga sewero m'chilankhulo cha anthuwo, pabwalo, oonera akuloledwa kudula nkhani pakati ndi kutsutsa. Posakhalitsa anthu a m'midzimo anayamba kupanga okha masewero awo. Ku Balaka, komwe kunali mbali ya boma la Machinga mpaka mu 1998, gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ndi achinyamata wamba, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. M'menemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, ndipo kaimbidwe ka ku Balaka kanamveka m'nyumba ndi m'minibasi za dziko lonse kwa zaka zambiri. M'nkhani ziwirizi palibe amene anadikira holo. Luso linakula chifukwa munthu wodziwa anafika pamene achinyamata anali, n'kuyamba ndi zimene anali nazo kale.

Taganizani zimene kalasi ya Folomu 3 ingatole itakhala tsiku limodzi ndi gulu la beni. Yunifomu ya khaki, maudindo a usilikali, wisulo, kuguba pamzere, zonsezi zinachokera ku magulu a kugombe la kum'mawa kwa Africa otsanzira mabandi a asilikali, ndipo zinafalikira kuno ndi amuna amene anabwerera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, ambiri a iwo a King's African Rifles, gulu limene linkalemba Ayao ochuluka. Mutu umene mwana amaloweza movutikira m'buku la mbiri uli pomwepo, ukuvinidwa pamaso pake. Pagombe la Chiuta pali osema mabwato ndi oluka mono, palinso akuluakulu okumbukira mmene asodzi a pano anagwirizanirana mu 1995 kuchotsa makoka a nkacha amene ankapulula nsomba. Imeneyo ndi nkhani ya sewero lathunthu, ndipo eni ake akadali moyo.

Ena adzati kuchita zimenezi n'kutsekera mwana wa kumudzi m'mudzi mwake, pamene mnzake wa ku Lilongwe akukwera basi kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni. Nkhawayi ndi yoona, ndipo sindikunena kuti ulendo uthere pa Chiuta. Ana a kwa Ngokwe ayenera kufika ku Liwonde National Park, imene ili m'boma lawo lomwe, ndi ku Kungoni ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso mu 1976 ndipo chikhalidwe cha Ayao chimaonetsedwa pambali pa cha Achewa ndi Angoni. Koma mwana amene anafunsapo agogo ake za beni amalowa m'menemo ali ndi mafunso, pamene wina amangoyang'ana n'kutuluka. Ena adzati mayeso a MSCE salola kutaya nthawi. Koma mayesowo amafuna mwana wodziwa kulemba chimangirizo, kusanthula sewero ndi ndakatulo, ndipo amene anayimapo pabwalo n'kuyankhula amamva zimenezi mwamsanga. Nkhawa ya makolo ndi mashehe pa maulendo ophatikiza anyamata ndi atsikana nayo si yoikankhira kumbali. Kuno kumene atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira, ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo, amayi a m'komiti akuperekeza, ndiwo ungavomerezeke msanga.

Chotsala ndi ndalama. Kubwereka lole kuchokera kwa Ngokwe, kudutsa msewu wafumbi mpaka kukapeza tala wopita ku Ntaja ndi Liwonde, ndi mtolo wolemera kwa kholo lodalira mpunga ndi nsomba. Mtolo umenewu boma ndi khonsolo ya Machinga ayenera kuusenza, chifukwa maphunziro a zaluso ali kale m'ndondomeko ya sekondale ndipo sanalembedwere ana a m'tauni okha. Koma ulendo wa kugombe ndi wa kubwalo la beni sufuna mafuta. Aphunzitsi aakulu, makomiti a makolo ndi mafumu a kwa Ngokwe, khalani pansi teremu ino musankhe tsiku.