Anayamba ndi kuthawana, lero amaulukira pamodzi

FINDECO House, chinyumba chija cha kumapeto kwa Cairo Road ku Lusaka, ndi chotalika mamita 90. Munthu wolumpha m'ndege akangogwa masekondi khumi oyamba, mtunda wotere amaumaliza masekondi awiri asanakwane, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Koma alipo anthu amene pa liwiro limenelo amapeza mpata wosaka mnzawo, kumugwira dzanja, n'kumusekerera. Amachita zimenezi Loweruka ndi Lamlungu, ndi ndalama za m'thumba mwawo, popanda wowatuma.

Parachuti ndi yakale. Pa 22 Okutobala 1797, André-Jacques Garnerin anatsika nayo ku Paris kuchokera m'chibaluni. Komabe kwa zaka zoposa 100 anthu ambiri ankakhulupirira kuti munthu akagwa nthawi yaitali parachuti ili chitsekere amakomoka. Mu Epulo 1919, ku McCook Field m'boma la Ohio, Leslie Irvin analumpha m'ndege, nakoka yekha chingwe chotsegulira ali m'malere. Anathyoka kakolo potera, koma mutu unali bwinobwino.

Vuto lotsala linali kugubuduzika. Wolumpha ankangozungulira, osadziwa kumwamba ndi pansi. Msilikali wa ku France, Léo Valentin, ndiye anaonetsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuti ukaloza mimba pansi, n'kupinda msana, manja ndi miyendo uli chitambasulire, mphepo imakunyamula osakupidigula. Mwini wake anafa mu 1956 ku Liverpool akuyesa mapiko a matabwa pamaso pa khamu. Kagonedwe kake kaja ndi kamene wophunzira aliyense amayambira mpaka lero.

Thupi litakhazikika, anthu anayamba kufunana. Mu 1958 olumpha a ku North America anakwanitsa kupatsirana kamtengo ali m'kugwa. Mu 1964 ku Arvin, ku California, asanu ndi mmodzi anagwirana manja n'kupanga bwalo, ndipo mu 1967 ku Taft anakwana khumi. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa kugwirana kotere unachitika mu 1975 ku Warendorf, ku Germany. Mu 1986 anakwana 100. Pa 8 Febuluwale 2006, ku Udon Thani m'dziko la Thailand, anthu 400 ochokera m'maiko 31 anatuluka m'ndege zisanu nagwirana onse kwa masekondi anayi ndi pang'ono.

Nkhani yokoma ili pa kusiyana. Anthu ogwirana manja sangatsegule maparachuti pamalo amodzi; zingwe zingakolane. Choncho nthawi ikakwana aliyense amatembenuka, kufulatira pakati pa bwalo, n'kuthawa. Amawongola miyendo, zala za kumapazi kuloza kumbuyo, manja kuwabweza m'mbali mwa ntchafu zikhato zitayang'ana pansi, mapewa kuwapindira kutsogolo pang'ono. Thupi limasanduka phiko, ndipo m'malo mogwa chindunji limatsetsereka chamtsogolo. Olumpha amati tracking. Kwa zaka zambiri inali ntchito ya masekondi ochepa omaliza, yopulumutsira moyo basi.

Kenaka ena anaona kuti kuthawako n'kumene kumakoma. Bwanji osakuyamba pakhomo pa ndege, onse kuloza kumodzi? M'zaka za m'ma 1990 akatswiri monga Olav Zipser wa ku Germany anali atazolowetsa anthu kugwa chadodolido kapena chokhala, ndipo mu 1998 Marco Tiezzi wa ku Italy anayambitsa kauluke kopendekeka kotchedwa Atmonauti. Lero gulu limatuluka pa mamita 4,000. Mtsogoleri nthawi zambiri amauluka chagada, maso ali kwa anzake. Enawo amamutsata m'mbali ndi pamwamba ngati akakowa obwerera madzulo, wina n'kufika pomugwira dzanja kapena phazi. Waluso amatha kupita mita imodzi kutsogolo pa mita iliyonse imene wagwa, kutanthauza kuti gulu lotere lingathe Cairo Road yonse, kuchokera pa Kafue Roundabout kukafika pa Kabwe Roundabout, mphindi imodzi isanathe.

Ine ndimaona kuti apa masewerawa anaonjezera kukoma ndi ngozi yomwe. Ndege imodzi imatsitsa magulu angapo motsatizana pa mzere umodzi. Gulu loyenda chammbali likalakwitsa njira limakapezeka pansi kapena pamwamba pa anzawo amene akutsegula. N'chifukwa chake mtsogoleri amalondolera gulu chopingasa mzere wa ndege, ndipo wongoyamba kumene salowetsedwa m'gulu lalikulu ngakhale atachonderera. Zida zathandizako: kamakina ka CYPRES, kamene kanatuluka ku Germany mu 1991, kamatsegula kokha parachuti yachiwiri munthu akayandikira pansi akadali pa liwiro lalikulu. Kugundana m'malere kokha kulibe makina okuletsa.

Kuno kwathu parachuti timaidziwa ngati ya asilikali. Wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands amamva ndege za Zambia Air Force pa City Airport ku Longacres, bwalo limene linatsala ndege zikuluzikulu zitasamukira kupitirira Chelstone mu 1967. Ku Malawi kuli Parachute Battalion ku Senga Bay, ku Salima. Koma kulumpha koyamba kwa msilikali n'kwina: amatuluka ndege ili pafupi ndi pansi, chingwe chomangidwa ku ndege n'kumutsegulira pomwepo, mpata wosaka mnzake palibe.

Malo odziwika a olumpha mongosangalala ali kummwera: Carletonville pafupi ndi Johannesburg, ndi Swakopmund ku Namibia. Mnyamata wa ku Kabwata wofuna kuphunzira angachite bwino kusankha Carletonville. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo parachuti imatera mothamanga kuposa ku gombe. Carletonville nayo ili pamtunda, kuposanso Lusaka.