Makaseti a Soja pa msika wa Benga

Chimbale cha Son of a Poor Man chinatuluka mu 1994, chaka chomwe Amalawi anavotera a Bakili Muluzi pa 17 Meyi. Mwini wake, Lucius Banda, wodziwika kuti Soja, anali mnyamata wa ku Balaka wobadwa mu 1970, yemwe anakulira mu Alleluya Band m'manja mwa achimwene ake a Paul. Anakachijambulira ku South Africa, ndipo makutu ankachita kumva okha: besi yake inkagunda pamtima kuposa zomwe tinazolowera pa MBC.

Kunja chimbale chikatuluka amawerenga makope ogulidwa. N'chifukwa chake timadziwa kuti Memeza ya Brenda Fassie ndiyo inaposa zonse ku South Africa mu 1998. Ife kuno kwa Mwadzama zowerenga zotero kunalibe. Wayilesi yomveka dziko lonse inali imodzi mpaka MBC inatsegula Radio 2 mu 1997, ndipo chomwe tinkadikira ndi Entertainers of the Year kumapeto kwa chaka. Mpikisano weniweni unkachitikira pa msika.

Makaseti ankachokera kutali, ambiri kwa O.G. Issa ku Limbe. Mavenda ankawalongedza m'makatoni, n'kukwera nawo basi kudutsa ku Salima mpaka kudzatsikira pa Benga. Venda ankayala chiguduli pansi, wayilesi pambali italumikizidwa ku batire la galimoto, voliyumu mpaka kumapeto. Wogula sankapereka ndalama asanamve. "Tayikeni kaye mbali inayo," ankatero, chifukwa zimbale zina zinkakoma nyimbo ziwiri zoyambirira zokha, zotsalazo zongodzazira tepi. Ya Soja sinkafuna kutembenuza. Panalinso makaseti akuba, a chithunzi chofwifwa ngati chagonera pamvula. Bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za oimba kwa akuba, linali litakhazikitsidwa mu 1992, koma m'mbali mwa nyanja muno tinkangolimvera pa wayilesi.

Malonda ake ankalamulidwa ndi nyanja. Usipa ukafa wambiri, alovi akagawana ndalama za chilimira, katoni inkatha dzuwa lisanapendeke. Mwera ukawomba mu Juni ndi Julaye, mabwato ali pamtunda, ngakhale chimbale chokoma chotani chinkangodya fumbi. Oimba a m'tauni sankadziwa kuti mwayi wawo kuno ukudalira mphepo.

Nanga otsutsa? Analipo, kungoti sankalemba m'nyuzipepala. Nyimbo ya Mabala ya mu Son of a Poor Man, yonena za zowawa za nthawi ya chipani chimodzi, inagawa anthu pakhonde lathu. Malume anga, omwe anakhala zaka 30 akunong'ona potchula boma, ankadzuka n'kukatsitsa voliyumu, maso ali kumsewu. Achinyamata tinkaikwezanso iwo akangozungulira kuseri. Amayi nawo anali ndi mlandu wawo: ankati rege ndi ya anthu okhala pansi ndi botolo, sivinika paukwati, ndipo pa pelekanipelekani ankafuna kwasakwasa wa ku Zaire. Pamenepo sanalakwe. Vulindlela itafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, maukwati onse kuyambira ku Chia mpaka ku Benga anali ake a Brenda.

Koma ine ndimati woweruza wosakondera anali batire. Mabatire anali odula, choncho nyimbo yobowa sitinkaithamangitsa ndi wayilesi. Tinkatulutsa kaseti, kulowetsa bolopeni pabowo, n'kumaizunguza m'mwamba mpaka kufika pomwe tikufuna. Pamalo obwerezedwa kwambiri tepi inkayamba kukoka mawu, kenaka n'kuduka, ife n'kuimata ndi kyuteksi wa alongo athu. Ukabwereka Son of a Poor Man ya munthu aliyense, chilumikizo unkachipeza pa Mabala. Zimbale zotsatira za Lucius, Down Babylon ya 1995 ndi Cease Fire ya 1996, zinapeza anthu akudikira kale, moti venda sankavutikanso kuziyika mu wayilesi.

Ma CD sanakhalitse kuno. Anabwera anyamata a makompyuta owotcha nyimbo, chimbale chonse n'kulowa mu memore kadi pamtengo wa mbale ya usipa, mavenda a makaseti n'kusanduka ogulitsa matchaja. Lucius anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa. Lero YouTube imawerenga aliyense woonera, koma kudooko nyimbo imadumpha kuchoka pafoni kupita pafoni ina ndi Bluetooth, bando osagula.