Lipenga la pamanda a msilikali: ulemu umene makolo athu anamanidwa

Msilikali akamwalira, maliro ake amayenda mosiyana ndi a munthu wina aliyense m'mudzi. Bokosi limakutidwa ndi mbendera ya dziko, pamwamba pake n'kuikapo chipewa ndi mendulo za malemuyo. Anzake ovala yunifolomu amalinyamula poyenda pang'onopang'ono, phazi limodzi, ndipo kumanda amawomba mfuti m'mwamba katatu, kenako lipenga n'kulira. Ambiri amauona mwambowu ngati chionetsero cha boma, ena amati ndi zotsalira za atsamunda. Koma mbiri yake ikusonyeza kuti ulemu umenewu ndi ngongole imene dziko limavomereza poyera, ndipo kwa Amalawi ngongoleyi inakhala zaka zambiri osabwezedwa.

Nyimbo ya lipenga yotchedwa Last Post sinayambe ngati ya maliro. M'gulu lankhondo la Britain, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mkulu wa asilikali ankayendera alonda madzulo alionse, ndipo akafika pa mlonda womaliza lipenga linkalira kudziwitsa msasa wonse kuti ntchito ya tsikulo yatha. M'zaka za m'ma 1800 asilikali anayamba kuliza nyimbo yomweyo pamanda a anzawo, kutanthauza kuti wagonayo wamaliza ulonda wake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha pa 11 Novembala 1918, mwambowu unafalikira ponseponse. Mu 1919 Mfumu George V inalamula kuti anthu azikhala chete kwa mphindi ziwiri pa tsikuli, potengera zimene anthu a ku Cape Town ankachita nkhondo ili mkati. Ku Ypres m'dziko la Belgium, lipengali linayamba kulizidwa madzulo alionse pa chipata cha Menin mu 1928, ndipo mwambowo ukuchitikabe mpaka lero.

Kuno kwathu lipenga linabwera ndi gulu la Central Africa Rifles la mu 1896, limene mu 1902 linalowa m'gulu la King's African Rifles, lija agogo athu ankalitchula kuti Keyala. Magulu awiri oyambirira a Keyala anali a ku Nyasaland. Anyamata a kuno anamenya nkhondo ku Ashanti mu 1900, ndipo mu 1903 ambiri anathera ku Gumburu m'dziko la Somaliland. Pa 9 Sepitembala 1914 analimbana ndi Ajeremani ku Karonga, pachiyambi pa nkhondo imene anthu anaitcha ya Chiwaya. Pambuyo pa asilikaliwo pankayenda amtengatenga pafupifupi 200,000, osenza chakudya ndi zipolopolo m'njira zopanda misewu, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Pa nkhondo yachiwiri, Akeyala anafika ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944.

Funso loti anthu amenewa akafa adzakumbukidwa bwanji linafunsidwa nkhondo ya Chiwaya itangoyamba. Mu Novembala 1914, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda amaitanidwa kukakhetsa magazi pa nkhondo, koma pa nthawi ya mtendere saonedwa ngati kanthu, ndipo amene amatsala ndi akazi amasiye ndi ana amasiye. Patapita zaka zoposa 100, bungwe la Commonwealth War Graves Commission linatsimikiza madandaulo amenewa. Lipoti lake la mu Epulo 2021 linapeza kuti mwa amene anafa pa nkhondo yoyamba ija, anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukidwe ndi mayina awo, mwinanso sanakumbukidwe n'komwe. Msilikali wachizungu ankapatsidwa manda akeake ndi mwala wolembedwa dzina, pamene akuluakulu a nthawiyo ankati anthu a mu Africa chipilala chimodzi cham'tauni chiwakwanira. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Chipilala cha Keyala ku Zomba chili ndi mayina a asilikali, koma amtengatenga ochuluka anagona m'tchire popanda chizindikiro, ndipo abale awo analira maliro opanda mtembo.

Apa ndiye pali yankho kwa amene amati mwambowu ndi wachitsamunda ndipo tiusiye. N'zoona kuti lipenga, perete ndi sawatcha zinachokera kunja. Koma chimene chinali chachitsamunda kwenikweni ndi kusankha woyenera kulizidwira lipenga ndi wosayenera. Kuusiya mwambowu lero kungakhale kuvomereza tsankho lomwe lija, pamene kuupereka kwa msilikali aliyense, wa udindo waukulu kapena waung'ono, ndiko kulithetsa. Komanso makolo athu analilandira kale lipengali n'kulisandutsa lawo. Magule a beni, mganda ndi malipenga anabadwa potengera perete ya asilikali, ndipo amene amavina ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi sadziona ngati akuvina gule wobwereka.

Ena amati mwambo wa asilikali umalanda maliro m'manja mwa eni ake. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, chifukwa kwathu kuno maliro ndi kulirana: amfumu amapereka malo, adzukulu amakumba manda, amayi amagona pasiwa, mpingo umatsogolera nyimbo ndi mapemphero. Asilikali akafika ngati eni mwambo, n'kuyamba kulamula, alakwitsa. Koma akadikira kuti mwini mbumba ndi abusa amalize mbali yawo, ulemu wawo umaonjezera chinthu chimodzi chimene mudzi sungathe kunena pawokha, chakuti mwana wa pano anatumikiranso anthu amene sanamuonepo. Mbendera ikapindidwa n'kuperekedwa kwa anamfedwa, boma limakhala likuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti linabwereka munthu.

Enanso amaopa kuti mfuti ndi perete pamanda zimakometsa nkhondo m'maso mwa ana. Koma asilikali amene Malawi wakhala akuwaika m'manda chilandirireni ufulu mu 1964 sanafe polanda dziko la eni. Ena anafa poteteza njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Mu Novembala 2018, asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni m'dziko la Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mwana amene waima pamanda otere amaphunzira mtengo wa mtendere.

Chidandaulo cholemera kuposa zonsezi ndi chakuti timalemekeza mtembo pamene munthuyo tinamutaya ali moyo. Akeyala ambiri anabwerera kumudzi ndi mendulo, n'kukalamba mu umphawi. Nyumba za asilikali okalamba ku Zomba ndi ndalama zimene zimasonkhedwa pogulitsa maluwa ofiira a popi mu Novembala zathandiza ena, koma sizinafikire onse. Izi sizikutanthauza kuti mwambo wa pamanda uthe. Zikutanthauza kuti lipenga liyenera kukhala gawo lomaliza la ngongole imene yakhala ikubwezedwa kale kudzera mu penshoni yofika pa nthawi yake, chithandizo cha kuchipatala ndi chisamaliro cha mkazi wamasiye mwambo ukatha.

Akeyala amene atsala ndi owerengeka, ndipo ambiri ali m'midzi yakutali ndi Cobbe Barracks kapena Kamuzu Barracks. Mafumu, mipingo ndi mabanja alembe mayina awo, nambala zawo za usilikali ndi kumene anamenya nkhondo iwo akadali ndi moyo, ndipo adziwitse gulu lankhondo la Malawi ndi bungwe la asilikali opuma imfa ikachitika. Boma nalo lionetsetse kuti mbendera ndi woliza lipenga zikufika kumanda a kumudzi monga momwe zimafikira kwa akuluakulu a m'tauni.