Nsapato Yokwerera Phiri la Mulanje M'nyengo ya Chisanu

Juni ndi Julayi ndi miyezi imene anthu ambiri amakwera phiri la Mulanje. Mvula yamphamvu imakhala italekeza, mitsinje itaphwerako, ndipo achinyamata a m'mipingo, ana asukulu ndi ogwira ntchito m'maofesi a ku Blantyre amafika pa Likhubula zikwama zili kumsana. Kamba amakhala atakonza, jekete atatenga, foni yojambulira atatchaja. Koma mukawayang'ana kumapazi mumaona kuti nsapato anaikumbukira pomaliza: wina wavala yopitira kutchalitchi, wina yosewerera mpira, wina chijombo cholemera chimene wagula dzulo lake pa kaunjika. Chonsecho pa katundu yense amene munthu amakwera naye, nsapato yokha ndiyo imagundana ndi phiri.

Nsapato yoyendera m'tchire saisankhira mtengo wake kapena maonekedwe ake. Chimene chimalamula ndi pamene mukaponde. Anthu a kumayiko ozizira amaidziwa bwino mfundoyi. Ku Canada ndi kumpoto kwa America chipale chofewa chimaunjikana mpaka kulekeza m'chiuno, ndipo vuto la woyenda pansi ndi kutitimira. Eni nthaka a kumeneko, monga a Cree ndi a Ojibwe, ankapinda mtengo n'kuulukira zingwe zachikopa, n'kutuluka chinthu chonga lichero chomangirira kuphazi. Kulemera kwa munthu kukamwazikira pamalo aakulu chotero, phazi silimira. Za masiku ano amapangira aluminiyamu kapena pulasitiki, kunsi kwake n'kuika mano achitsulo oluma pamene chipale chaumirira, ndipo zina zimakhala ndi kawaya kotukula chidendene pokwera mtunda kuti katumba asatope msanga. Zimabwera mu utali wosiyanasiyana, monga mainchesi 22, 25 kapena 30, ndipo wogula amawerengera sikelo yake pamodzi ndi chikwama chimene adzabereke. Yaikulu imayandama bwino pa chipale chongogwa kumene, koma imasowetsa mtendere pamalo otsetsereka ndi pothinana mitengo. Choncho amadzifunsa kuti pansi pali motani, katundu ndi wolemera bwanji, nanga njira ndi yotsetsereka motani. Mafunso omwewa ndi amene munthu wopita ku Chambe kapena ku Lichenya, pamwamba pa Mulanje, ayenera kudzifunsa, kungoti mayankho ake kuno ndi ena.

Pa Mulanje phazi silimira, limaterereka. Phirili ndi la thanthwe, ndipo m'malo ambiri njira imadutsa pa mwala wosalala wopanda dothi ndi pang'ono pomwe. Amene anafikako ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene ndi yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, amadziwa kuti mukangochoka pa nyumba yogonamo ya Chisepo mumakwera matanthwe oima ndithu, pena mochita kukwawa ndi manja, kenako n'kumapanikizika m'mipata ya miyala. Thanthwe louma limagwira nsapato bwinobwino. Likanyowa, ndere zimene zinakakamira pamenepo zimasanduka thelele. Ndipo chonyowetsa sichisowa ngakhale m'chilimwe, chifukwa cha chiperoni: mphepo yozizira yochokera kum'mwera chakum'mawa, yotchulidwa potengera phiri la Chiperone la ku Mozambique, imene imabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Imatha kufika masana dzuwa likuwala n'kukhala masiku angapo osachoka. Posankha nsapato, ganizirani thanthwe la tsiku la chiperoni, osati la tsiku loyera.

Ndiye potola nsapato pamsika, yambani mwaitembenuza. Kunsi kwake, kumene timati soli, kuli zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. China ndi mano, timabampu tija totumphuka. Ntchito ya mano ndi kuluma m'matope ndi m'dothi lofewa, ndipo amafunika akhale akuya ndi otalikirana kuti matope azigwa okha. China ndi kufewa kwa rabala. Pa thanthwe mano alibe poluma. Chimene chimakugwirani ndi rabala amene amabonyokera m'timaenje ta mwala. N'chifukwa chake jombo ya mano akuluakulu koma ya soli yolimba gwa imatha kukugwetsani pamene mnzanu wa nsapato yopepuka ya rabala wofewa wadutsa osagwira pansi. Dinani soli ndi chikhadabo. Ikalola pang'ono n'kubwerera, ndi rabala wabwino. Ikakhala yonyezimira, yolira mukaigogoda, ndi pulasitiki, isiyeni. Kuipa kwa rabala wofewa n'koti amatha msanga, makamaka mukamayendera pa tara, koma kuli bwino kutha soli kusiyana ndi kuthyoka mwendo.

Nkhani ya soli ya mano akuya inayamba ndi maliro. Mu 1935 anthu 6 anafa pa phiri lina la ku Italy atagwidwa ndi nyengo yoipa, ndipo mnzawo Vitale Bramani anaona kuti nsapato zimene anavala zinathandizira ngoziyo. Mu 1937 anatulutsa soli ya rabala ya mano akuya, imene kampani yake ya Vibram ikupangabe mpaka lero. Mukaona kachizindikiro kachikasu kolembedwa dzinali kunsi kwa jombo pa kaunjika, ndi chinthu chabwino, koma musathamangire kulipira.

Pali msampha umene wagwira anthu ambiri ogula pa Chitakale, ku Limbe ndi m'misika ina. Pakati pa soli ndi chikopa pamakhala gawo lofewa lochepetsa kugunda kwa phazi. Pa jombo zambiri za ku Ulaya gawoli amapangira polyurethane, amene amawola pang'onopang'ono ndi chinyontho cha mumpweya, makamaka nsapato ikangosungidwa zaka osavalidwa. Jombo imaoneka yatsopano, mano ali onse, chikopa chosakalika, chifukwa mwini wake woyamba anangoivala kawiri n'kuiponya m'kabati. Inu mukayenda nayo maola atatu, gawo lija limanyenyeka, soli yonse n'kusomphoka, n'kutsala mukumanga ndi luzi pakati pa phiri. Musanagule, ipindeni mwamphamvu, muipotokole, mukande m'mbali mwa chidendene. Mukaona ming'alu, kapena timafufuzi tikugwa, kapena pakumata chala, ibwezeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Nthawi zambiri jombo yooneka kuti inkayenda imaposa yooneka ngati yangotuluka m'sitolo.

Kukula kwa nsapato kumayesedwa ndi ulendo wotsika. Pokwera chidendene ndicho chimavutika, ndipo chikamatuluka n'kubwerera m'nsapato mumatuluka matuza. Potsika, monga mu njira ya Skyline yochokera ku Chambe, thupi lonse ndi chikwama chomwe zimakankhira zala kutsogolo kwa maola angapo. Nsapato yothina imadetsa zikhadabo, ndipo pakapita milungu zimasomphoka. Yesani nsapato madzulo, phazi litatupa ndi kuyenda kwa tsikulo, mutavala masokosi amene mudzakwere nawo. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wolowa chala chamanthu, koma chidendene chikhale chogwidwa. Wengani zikhadabo musananyamuke, ndipo mukayamba kutsika imani kaye mumangenso zingwe. Nsapato yatsopano muyambe mwayenda nayo kumudzi kapena m'tauni kwa milungu ingapo kuti izolowerane ndi phazi.

Pa za kutalika kwa khosi la nsapato anthu amatsutsana. Jombo yokwirira akakolo imateteza ku miyala ndi zitsa, ndipo imathandiza munthu amene wabereka katundu wa masiku anayi kapena amene amabinya pafupipafupi. Koma ndi yolemera, ndipo cholemera cha kuphazi chimatopetsa kuposa cha kumsana. Ine ndimaona kuti munthu wongopita ku Dziwe la Nkhalamba, kapena wokagona usiku umodzi chikwama chake chitanyamulidwa ndi wina, safunika jombo. Nsapato yothamangira ya soli yabwino imukwanira.

Madzi ndiwo amasokoneza ambiri. Jombo zina zili ndi kansalu kamkati, monga ka Gore-Tex, kotchinga madzi koma kolola thukuta kutuluka ngati nthunzi. Zimathandiza pa mame a m'mawa, amene pa udzu wa ku Lichenya amanyowetsa ngati mwawoloka mtsinje. Koma kansaluko kakakalamba kamabooka, ndipo madzi akalowera pamwamba satulukanso. Jombo za rabala, zimene timaona m'minda ya tiyi, sizilowa madzi, koma phazi limasambira m'thukuta, chidendene sichigwidwa, ndipo sizisunga kutentha. Chimene chimapulumutsa kwenikweni ndi masokosi. A thonje amamwa madzi n'kuwasunga, khungu limafewa, matuza n'kubwera. A ubweya wa nkhosa amafunditsabe ngakhale atanyowa. Sungani peya imodzi youma m'jumbo, yovala usiku wokha. Ndipo mukafika m'nyumba yogonamo, kaya ku Thuchila, Chinzama, Sombani kapena Madzeka, musaike nsapato pamoto penipeni. Guluu amasungunuka, chikopa chimauma n'kung'aluka. Chotsani kansalu kopondapo, muikemo mapepala, muiike chapatali.

Wina angati zonsezi n'zochulutsa, pakuti kuno si ku Ulaya. Koma kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, moti usiku wa mu Julayi pamwamba pa phiri udzu umayera ndi chisanu pamene pa Boma anthu angofunda bulangeti limodzi. Munthu wonyowa, wotopa, amene mphepo ikumuomba, thupi lake limataya kutentha mofulumira kuposa mmene limapangira. Amayamba kunjenjemera, kenako kulankhula mosokonekera, kenako kufuna kugona. Kuzizidwa kotereku ndi kumene kunapha Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil amene anasowa mu Julayi 2009 atapitirira yekha ku Sapitwa, ndipo thupi lake linapezeka mu Ogasiti. Nsapato payokha singapulumutse munthu wosochera mu nkhungu. Koma soli yosomphoka kapena kakolo wobinya ndi zimene zimasandutsa ulendo wa maola asanu kukhala wogona panja. Mitsinje nayo si yoseweretsa: mu 1949 Fred France, mkulu wa zankhalango, anakokoloka ndi madzi pa phirili, ndipo kanyumba ka France's Cottage ku Chambe kamatchedwa dzina lake. Mtsinje ukadzaza, dikirani. Komanso namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anagumula mbali zina za phiri, choncho funsani otsogolera alendo za mmene njira ilili musanasankhe chovala kuphazi.

Otsogolera alendo ndi onyamula katunduwo ndiwo amaoneka ngati akutsutsa zonse ndanenazi. Amakwera atavala patapata, nkhwayira za matayala, kapena nsapato yong'ambika, chikwama cholemera chili kumsana, n'kukafika inu musanafike. Pa mpikisano wa Porters Race, umene umachitika chaka ndi chaka kuchokera pa Likhubula kudzera ku Chambe ndi ku Lichenya, mtunda woposa makilomita 20, opambana amabwerera patangotha maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo ena amathamanga opanda nsapato. Izi zili ndi chifukwa chake. Phazi limene lakulira pa thanthwe lili ndi khungu lokhuthala ndi akakolo olimba, limamva mwala, ndipo mwini wake amadziwa mwala uti umagwedera. Nkhwayira nayo ndi rabala weniweni. Koma luso lotere siligulidwa pamsika, ndipo mlendo wochokera mu ofesi asayerekeze kutengera.

Chimene chimandipweteka n'choti timaonerera mapazi amenewa n'kumayamikira kulimba kwake, osafunsa ngati mwini wake anachita kusankha. Ambiri amavala patapata chifukwa jombo ndi yodula. Chisanu cha pa Chisepo chimaluma chala cha wonyamula katundu monga mmene chimalumira cha bwana wake, ndipo iye akathyoka mwendo banja lonse limagona ndi njala. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, zimene zingachititse kuti alendo achuluke. Makampani otengera alendo kuphiri, mabungwe osamalira phirili ndi ife okwera tiyenera kuona nsapato ya wonyamula katundu ngati chida cha ntchito, chimene wolemba ntchito amaganizirako.

Choncho mukamagwirizana mtengo pa Likhubula, yang'anani kumapazi kwa amene akunyamulireni chikwama. Chepetsani katundu, mulipireni mokwanira osanenerera, ndipo ngati m'nyumba mwanu muli jombo kapena masokosi abwino amene simuvala, bwerani nawo mudzamupatse ulendo usanayambe.