Kumvera

Mawu akuti kumvera, amene tsinde lake ndi kumva, satanthauza kulandira mawu m'khutu kokha ayi, koma kuwachita. Pakuti mwana amene wamva kuitana kwa amake koma osadzuka, akulu amamutcha nkhutukumve.

Ana a kwathu amene amakonza makompyuta ku Johannesburg, mzinda umene makolo athu a nthawi ya Wenela anautcha Joni, apatsa mawuwa ntchito yatsopano, ndipo munthu akamva mmisiri wa ku Mayfair kapena ku Fordsburg mumzindawo akudandaula kuti monita siikumvera, adziwe kuti nkhani yake ndi iyi. Chiyambire 1998, pamene bungwe la VESA linakhazikitsa njira yotchedwa DDC/CI, kompyuta imatha kulamula monita kudzera m'chingwe chomwecho chotengera zithunzi, kuti ionjezere kuwala kapena kuchepetsa, popanda dzanja kukhudza batani. Ndipo pa Linux pulogalamu ya ddcutil ndiyo imanyamula malamulowo, nambala 10 kukhala ya kuwala, 60 yosankhira khomo lolowera zithunzi.

Komatu si monita iliyonse imene ili ndi mtima womvera. Ina imabwera njira ya DDC/CI ija itatsekedwa, kufikira mwini wake ataitsekula. Ina imagontha chingwe chikadzera pa kachipangizo kolumikizira. Inanso imataya lamulo likadza mothamangitsana ndi linzake, kotero kuti wolamula ayenera kupuma pang'ono pakati pa mawu ndi mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mmisiri wofatsa amayamba wayang'ana chingwe asanaweruze kuti monitayo njosamvera.